Amayi pa mtendere, ndale ndi chitukuko: mafunso ndi mayankho a m'Chigwa cha Shire

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera pamisonkhano ya m'midzi, kumabanki a m'khonde ndi m'misasa ya othawa madzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ena amafunsa ndi amayi eni ake, ena abambo, ndipo ena amafunsidwa ndi mkwiyo. Tayankha onse mosabisa mbali imene taima.

Kodi za ufulu wa amayizi si zobwera ndi mabungwe akunja?

Mapangano ena analembedwadi kunja. Pangano la CEDAW, lothetsa tsankho lililonse lochitira amayi, linavomerezedwa ku United Nations mu 1979, ndipo Malawi analowamo mu 1987, Kamuzu akadali pampando. Koma msonkhano waukulu wa amayi wa ku Beijing mu 1995 mlembi wake wamkulu anali Gertrude Mongella, mayi wa ku Tanzania. Pangano limene limatchula mosapita m'mbali za amayi amasiye, chuma cha masiye ndi miyambo yovulaza analigwirizana ndi maiko a mu Africa muno, ku Maputo, mu 2003. Kwathu kuno gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lakhala likunena kuyambira 1994 kuti mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu m'dzina lake, wopanga mapangano, ndi wolandira gawo loyenera la katundu banja likatha.

Ndipo azunguwo nawo sanabadwe nazo. Amayi a ku Switzerland anayamba kuvota pa zisankho za dziko lonse mu 1971. Nthawi imeneyo n'kuti patapita zaka 12 kuchokera pamene Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, anatsekeredwa ndi atsamunda ali ndi khanda m'manja chifukwa chomemeza amayi kumenyera ufulu wa dziko lino. Vera Chirwa anakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993. Palibe bungwe lakunja limene linawatuma. M'chigwa chathu chino, kachisi wa Mbona ku Khulubvi sankayenda popanda mayi wokhala pa udindo wa Salima, mkazi wa Mbona. Amene amati mkazi pa udindo n'zachilendo sakuudziwa bwino mwambo umene akuti akuuteteza.

Kuno kulibe nkhondo. Nkhani ya amayi ndi mtendere ikutikhudza bwanji?

Munthu wa ku Nsanje wa zaka zoposa 40 nkhondo anaiona ikulowa pakhomo, ngakhale mfuti zake zinkalira kutsidya. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, kuyambira 1977 mpaka 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo panafika nthawi yoti m'boma la Nsanje othawa kwawo anachuluka kuposa eni dera. Msasa wa Mankhokwe unali ngati tauni. Ambiri mwa othawawo anali amayi ndi ana, olankhula Chisena ngati ifeyo, ena abale athu enieni. Amene ankadziwa ngati alendo ndi eni mudzi akhala bwino kapena ayambana anali amayi, chifukwa mikangano inkabuka pachitsime, kunkhuni ndi pamzere wolandirira ufa. Anabwerekana mitondo, anagawana timinda, anazamitsana. Koma mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, otsogolera mbali zonse ziwiri anali amuna.

Kusiyana kumeneku, kwa amene amasenza nkhondo ndi amene amakhala pa tebulo loithetsa, ndiko kunabala chigamulo nambala 1325 cha nthambi ya chitetezo ya United Nations pa 31 Okutobala 2000, dziko la Namibia likutsogolera zokambirana. Chigamulochi chimati amayi azikhala nawo popanga ziganizo zopewa ndi zothetsa nkhondo, azitetezedwa ku nkhanza makamaka kugwiriridwa, ndipo zosowa zawo ziziganiziridwa pomanga misasa ya othawa kwawo ndi pobwezeretsa anthu m'midzi yawo. Mfundo ya misasa ija si ya m'mabuku ayi. Kumapeto kwa 2024, zisankho za ku Mozambique zitabweretsa ziwawa, anthu zikwizikwi anaolokanso kulowa m'boma la Nsanje, ndipo msasa wa Nyamithuthu unadzazanso amayi obereka ana kumsana.

Komanso mtendere susokonekera ndi mfuti zokha. Madzi akaphwa, malire a minda amasowa ndipo anthu amatengerana zikwanje. Ng'ombe zikalowa m'dimba la wina, mudzi umagawikana. Mvula ikakana kapena mwana akafa mwadzidzidzi, kawirikawiri chala chimaloza agogo aakazi kuti ndi mfiti. Lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022 linatsegula njira yokhala ndi makomiti a mtendere m'maboma. Komiti yotere ikakhala yopanda amayi olankhula, idzamva za mkangano magazi atakhetsedwa kale, pamene amayi a kuchitsime anaudziwa sabata yathayo.

Alipo malo amene amayi anathetsadi nkhondo, kapena n'zongokometsa nkhani?

Alipo. Ku Liberia mu 2003, amayi achikhristu ndi achisilamu, motsogozedwa ndi Leymah Gbowee, ankavala zoyera n'kumakhala padzuwa ku Monrovia tsiku ndi tsiku kufuna kuti nkhondo ithe. Anamukakamiza Charles Taylor, pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, kupita ku zokambirana za ku Accra, ku Ghana. Zokambiranazo zitayamba kuzengereza, akuluakulu ankhondo akungodya za m'hotela, amayiwo anakhala pansi kutseka zitseko za holo, nanena kuti palibe atuluke asanagwirizane. Pangano linasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu 2005 dzikolo linasankha Ellen Johnson Sirleaf, mkazi woyamba kusankhidwa kukhala pulezidenti mu Africa. Awiriwa, pamodzi ndi Tawakkol Karman wa ku Yemen, analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2011.

Sitikunena kuti mkazi aliyense amabadwa wokonda mtendere. Alipo amayi amene amasonkhezera ziwawa ndi nyimbo. Tikunena kuti amayi a ku Liberia aja, ambiri a iwo ogulitsa mumsika, ankadziwa zinthu zimene asilikali sankafuna kuzitchula, ndipo anapeza njira yoti zimveke.

Madzi osefukira sasankha mwamuna kapena mkazi. Bwanji mumati amayi ndiwo amavutika kwambiri?

Madzi sasankhadi, koma zimene zimatsatira madziwo zimasankha. Taziona mu Januwale 2015, taziona ndi anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ruo kapena Mwanza akasefukira usiku, mayi amathawa ali ndi mwana kumsana, wina kudzanja, mwinanso akukoka apongozi okalamba. Ku Makhanga njira ikaduka, mayi wapakati amadikira bwato kuti akafike kuchipatala, ndipo matenda a uchembere sadikira.

Kumsasa ndiye kumaonekera zambiri. Kalembera amalemba dzina la mutu wa banja, ndipo ambiri amangoti mutu wa banja ndi bambo. Pa mitala, thumba la ufa limapita kunyumba imene bamboyo wakonda, mkazi winayo ndi ana ake n'kugona ndi njala. Mayi wamasiye amene amakhala pamalo a kuchimuna akhoza kulembedwa pansi pa dzina la mlamu wake. Zimbudzi zikakhala kutali ndi kopanda magetsi, atsikana amaopa kupitako usiku. Nkhuni zimafunidwa kutchire. Ndipo pamene chakudya chachepa pomwe mndandanda uli m'manja mwa munthu mmodzi, pamabuka ena ouza mayi kuti dzina lake lilowa akagona nawo. Umenewo ndi mlandu, ngakhale wonenayo akhale wa komiti, mfumu kapena wogwira ntchito yothandiza anthu.

N'chifukwa chake timaumirira kuti amayi akhale m'makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'mudzi ndi m'makomiti a msasa, osati ongosesa ndi kuphikira alendo, koma ogwira cholembera. Funsani pamsasa uliwonse: akulemba maina ndani, akusunga kiyi wa nyumba ya chakudya ndani? Yankho lake limakuuzani mmene miyezi itatu ikubwerayo iyendere.

Pamzere wovota amayi ndiwo amachuluka. Nanga bwanji aphungu achikazi amachepa? Si ndiye kuti amayi savoterana?

Mawu akuti amayi sakondana amanenedwa kwambiri chifukwa ndi osavuta. Mu 2014 amayi 32 okha ndiwo anapambana pa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo. Mu 2019 anaposa 40, komabe sanafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Pamene maiko a SADC anagwirizana mu 2008 kuti pofika 2015 maudindo akhale theka amayi, theka abambo.

Ambiri amagwa tsiku lovota lisanafike. Zisankho zachipulula m'zipani zimapendekera kwa amene ali ndi ndalama zonyamulira anthu pa malole ndi amene amamwera limodzi ndi akuluakulu a chipani. Bungwe loyendetsa zisankho limachepetsa ndalama imene amayi amalipira popereka zikalata, koma imeneyo ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa kampeni. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa anthu, koma woimira aliyense amayembekezeredwabe kugula bokosi pamaliro ndi kupereka galimoto yonyamula wodwala. Pamsonkhano, mwamuna amafunsidwa za mlatho ndi msewu, mkazi amafunsidwa kuti mwamuna wake ali kuti. Kumadera a Asena, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna, amakumana ndi msampha wina: kwawo amati anapita, kuchimuna amati ndi wobwera.

Komabe chigwa chino chasonyeza kuti anthu amavotera mkazi. Esther Mcheka Chilenje anaimira kumpoto kwa Nsanje nakhala wachiwiri kwa sipikala. Mu 2019 Gladys Ganda anapambana ku Nsanje Lalanje ndipo Abida Mia ku Chikwawa Nkombezi. Chaka chomwecho Catherine Gotani Hara anakhala mkazi woyamba kukhala sipikala. Chimene chimatiwawa ndi chakuti m'zipani zonse amayi ovala nsalu za chipani, ovina kutsogolo kwa nsanja padzuwa la Okutobala la ku Ngabu, ndi ochuluka kwambiri, koma pamndandanda wa oimira chipanicho amawerengeka ndi zala.

Kusungira amayi mipando si kukondera kodi? Bwanji osapikisana basi?

Mpikisano ukanakhala wachilungamo bwenzi funsoli lili ndi mphamvu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Onani kuti limateteza mbali zonse ziwiri. Koma silikhudza mipando ya aphungu. Mu 2017 bungwe lounika malamulo linapereka ganizo loti pakhale mipando 28 ya amayi, umodzi pa boma lililonse, ndipo ganizolo silinasanduke lamulo.

Rwanda inalemba m'malamulo ake aakulu a 2003 kuti amayi asachepere 30 pa 100 m'maudindo opanga ziganizo. Pofika 2008 inali dziko loyamba padziko lonse kukhala ndi aphungu achikazi ochuluka kuposa amuna, ndipo pambuyo pake anapitirira 60 pa 100. Ife tikuona kuti njira yosunga mipando ndi yoyenera kuno. Koma tisadzinamize kuti chiwerengero chokha ndiye demokalase. Ku Rwanda komweko otsutsa boma alibe mpata wokwanira, ndipo phungu wamkazi amene sangatsutse mtsogoleri wa chipani chake sangamenyere nkhondo mayi wa ku Chapananga amene walandidwa munda.

Tinakhalapo ndi pulezidenti wamkazi. Sizinakwane?

Joyce Banda analamulira kuyambira Epulo 2012 mpaka Meyi 2014, ndipo lamulo la 2013 lija linadutsa m'nthawi yake. Anastasia Msosa anatsogolera bungwe loyendetsa zisankho za 1994 ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa makhothi onse. Zimenezi zinatseka pakamwa onena kuti mkazi sangathe. Koma zimene zapezeka zikhoza kulandidwanso: ku Afghanistan atsikana amene ankaphunzira ku sekondale anatsekeredwa zitseko a Taliban atabwerera mu 2021.

Kwa Amang'anja munda ndi wa kuchikazi kale. Mukufunanso ufulu wanji wa malo?

Pa chikamwini mwamuna amabweradi kudzakhala kwa mkazi, ndipo munda umatsata mbumba. Koma kulima munda ndi kwina, kuulamulira ndi kwina. Kawirikawiri wonena mawu omaliza ndi mwini mbumba, amalume kapena mchimwene, ndipo thonje likagulitsidwa ndalama imalowa m'thumba la bambo. Kwa Asena, kumene amapereka chuma, mkazi amalima munda wa kuchimuna, ndipo banja likatha kapena mwamuna akamwalira akhoza kuuzidwa kuti anyamuke, ngakhale anaulima zaka 20.

Nkhaniyi yafika povuta tsopano chifukwa malo a m'chigwa akulowa m'mabuku. Pulojekiti yaikulu ya ulimi wothirira, imene ngalande yake ikuchokera ku Kapichira ndipo cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000, imafuna kuti alimi aphatikize minda yawo m'makoparetivu, monga anachitira alimi a nzimbe a ku Phata ndi ku Kasinthula. Munda ukalowa m'gulu, mwini wake salandiranso mapira kapena chimanga cha m'nkhokwe, amalandira gawo la phindu, ndipo phindulo limapita kwa amene dzina lake linalembedwa. Mayi amene anasiyiridwa munda ndi amayi ake akalola kuti alembedwe ndi mwamuna wake "poti ndiye bambo wa pakhomo", wataya ndi siginecha imodzi chimene chikamwini chinamusungira mibadwo yonse.

Lamulo la malo a makolo la 2016 limati komiti ya malo ya kwa gulupu ikhale ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera 3 akhale amayi. Limalolanso kuti malo alembedwe m'dzina la mkazi payekha, kapena la mwamuna ndi mkazi limodzi. Amayi, tsiku loyeza minda musatume munthu. Pitani nokha ndi chiphaso chanu cha unzika, muone dzina limene lalembedwa, ndipo ngati simutha kuwerenga tengani mwana wanu kapena mnzanu wa ku banki m'khonde akuwerengereni. Abambo amene mumakonda ana anu, dzina la mayi awo papepalapo ndilo lidzawateteze inu mutapita.

Mwamuna wanga akamwalira, abale ake angatenge katundu? Nanga za kulowa kufa?

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira iye. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiyeyo. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu wopita nawo kupolisi, osati nkhani ya pabanja yokambirana pansi pa mtengo. Ng'ombe, njinga, malata, ngolo, zonsezi zili m'gulu lomwelo.

Kulowa kufa, kumene mayi wamasiye amakakamizidwa kugona ndi mwamuna wina kuti achotse imfa pamudzi, n'koletsedwa ndi lamulo la 2013, pamodzi ndi kusasa fumbi. Mu 2016 khothi linalamula bambo wina wa ku Nsanje kukhala kundende zaka 2 chifukwa cha ntchito ya ufisi. Tikudziwa mantha amene ali pansi pa mwambowu: anthu amaopa kuti akausiya, maliro atsatizana pabanja, ndipo mayi wokana amasenzetsedwa imfa iliyonse yobwera pambuyo. Mantha amenewa si oseketsa. Koma imfa zimene taziona ndi maso zikutsatizana m'midzi yathu zinabwera ndi kachilombo ka HIV, ndipo mwambowu unathandiza kukafalitsa. Mafumu ambiri a m'chigwa anauletsa poyera. Kumene ukuchitikabe, ukuchitika usiku, ndipo oukonza nthawi zina amakhala amayi akuluakulu a pabanja pomwepo. Nawonso lamulo likuwakhudza.

Chaka cha njala, cholakwika n'chiyani kukwatitsa mtsikana wa zaka 16 kwa munthu woti amusamale?

N'kuphwanya lamulo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kutseka mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 pa 100 anakwatiwa asanafike zaka 18.

Kholo limene latsala ndi nyika zokha m'nyumba madzi atakokolola mbewu sitikulitenga ngati chilombo. Koma chuma cholandiridwacho chimatha m'miyezi iwiri, pamene mwanayo watsala ndi mimba imene thupi lake silinakhwimire, ngozi ya fistula (kung'ambika pobereka kochititsa mkodzo kumangotuluka), ndi moyo wonse wopanda sukulu. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuchotsa pa udindo mafumu amene ankawavomereza. Mphamvu zomwezo mafumu athu ali nazo. Ndipo mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu; ndondomeko imeneyi boma linaikhazikitsa mu 1993.

Ife abambo tatsala pati? Zimenezi sizikupasula mabanja?

Chimapasula banja ndi chibakera, ndi ndalama ya thonje yothera ku Nchalo tsiku limodzi. Palibe lamulo mwa amene tatchulawa limene limalanda bambo munda, ana kapena ulemu. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limatetezanso mwamuna womenyedwa. Abambo ambiri m'chigwa muno aona kale kuti geni ya nsomba kapena mpunga wa ku Muona umene akazi awo amagulitsa ndiwo umalipira fizi chaka chimene thonje lakanika. Tikuwapempha kuti zimene amavomereza m'nyumba azivomerezenso pabwalo: mkazi akaimirira kulankhula pa msonkhano wa chitukuko, asamuseke, ndipo mnzawo akamutukwana, amudzudzule ndi iwo.

Ndikachitiridwa nkhanza kapena kulandidwa katundu, ndipite kuti? Nanga wolakwayo akakhala wamphamvu?

Kupolisi kuli nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli alangizi amene amatsikira m'madera. Khothi la majisitireti likhoza kupereka chiletso choti wankhanza asakuyandikireni. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Nkhani yokhudza mwana mukhoza kuinena pa nambala yaulere ya 116. Ankhoswe ndi mafumu amathandiza pa kusamvana kwa m'banja, koma kugwirira, kugona ndi mwana ndi kuvulaza munthu si milandu yothera pa nkhuku kapena mbuzi.

Wamphamvu nayenso amagonja. Amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika ku Lilongwe, amene anadandaula kuti apolisi anawachitira nkhanza zogonana pa ziwawa za mu Okutobala 2019, anapita kukhothi lalikulu mothandizidwa ndi bungwe la maloya achikazi, ndipo mu 2020 khothi linalamula kuti apatsidwe chipepeso.

Ngati mwagwiriridwa, yambani ndi kuchipatala, musanasambe ngati n'kotheka, ndipo musadikire kalata ya kupolisi kuti muthandizidwe. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito mukayamba kumwa pasanathe maola 72. Sungani zovala zimene munavala osazichapa, tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo pitani ndi munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.